Kudziteteza ndi Kuputidwa pa Mlandu wa Kupha Munthu

M'chigwa cha Kasungu, m'miyezi imene fodya ali m'zigafa kudikira ulendo wa ku msika wa Chinkhoma, alimi ndi alonda awo amagona chibonga chili pambali, pakuti thukuta la chaka chathunthu likhoza kutha usiku umodzi. Tsono mphunzitsi wa m'midzi yotere ayenera kudziwa yankho la funso ili: kodi munthu wopha mbala, kapena wopha mnzake chifukwa cha mkwiyo, lamulo limuyesa wotani?

Buku la malamulo a milandu, lotchedwa Penal Code, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1929, lisiyanitsa kupha mwadala ndi kupha kosakonzekera. Milandu yotere sizengedwa kwa mfumu iai, koma ku Bwalo Lalikulu, ndipo kumeneko ambiri amati, "Ndinali kudziteteza," kapena, "Anandiputa ndiye." Mau awiriwa ali ndi malire ake.

Kudziteteza kutchulidwa m'gawo 17. Munthu amene bwalo lapeza kuti anadzitetezadi amasulidwa kotheratu. Koma ngoziyo iyenera kukhala ya nthawi yomweyo, ndipo mphamvu imene iye anabwezera ilingane ndi ngoziyo. Mlonda amene mbala yamlumphira ndi chikwanje m'chigafa, iye n'kuikantha kamodzi kuti apulumuke, ali ndi chonena pamaso pa woweruza. Koma mbalayo ikataya fodya ndi kuthawa, kapena ikagwidwa ndi kumangidwa manja, ngozi yatha. Woimenya pamenepo salinso kudziteteza, ali kulanga, ndipo kulanga ndi ntchito ya bwalo lokha.

Ndiponso mantha a munthuyo ayenera kukhala omveka. M'chaka cha 1957 panali mlandu wa munthu wina wa m'Nyasaland, dzina lake Jackson, amene anapha mkazi pokhulupirira kuti mkaziyo wamlodza kuti afe. Bwalo lalikulu la Chitaganya linagamula kuti mantha a ufiti sakwanira kukhala chifukwa chodzitetezera.

Kuputidwa, kumene kufotokozedwa m'magawo 213 ndi 214, ndi kwina. Kumeneku sikumasula munthu konse. Kungochepetsa mlandu, kuuchotsa pa kupha mwadala ndi kuuika pa kupha kosakonzekera. Pafunika zinthu zitatu. Choyamba, chipongwe kapena chonyozacho chikhale chotere chakuti munthu wamba wa pakati pa anthu akewo akadalephera kuugwira mtima. Chachiwiri, kuphako kuchitike mtima uli chipsere, usanapeze nthawi yozizira. Chachitatu, kubwezerako kulingane ndi kuputako. Motero wantchito amene wanyozedwa pa mkangano wa malipiro, n'kupita kwawo, kunola nkhwangwa, ndi kubwerera m'mawa mwake, sangathe kunena kuti anaputidwa, pakuti usiku wonse unali wake wakuti aganize.

Kusiyana kumeneku kunali kwa moyo ndi imfa. Kufikira m'chaka cha 2007, aliyense wopezeka wolakwa pa kupha mwadala anali kulamulidwa kuti anyongedwe, woweruza wopanda mphamvu yochepetsa chilango. M'chaka chimenecho, pa mlandu wa Kafantayeni, Bwalo Lalikulu linagamula kuti chilango chokakamiza chotere chitsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo kuyambira pamenepo woweruza ayamba wamva za moyo wa wolakwayo ndi umo zinachitikira asanapereke chilango. Munthu wotsiriza kunyongedwa m'Malawi ananyongedwa m'chaka cha 1992. Komabe wopha mnzake akhoza kutha zaka zambiri m'ndende, munda wake uli thengo, ana ake atasiya sukulu.

Chifukwa chake mphunzitsi asayese nkhaniyi ya maloya okha. Ana amene ali kumenyana lero pa bwalo la sukulu, yense ali kunena kuti, "Anayamba ndi uyu," ndiwo alimi ndi alonda a mawa. Poweruza ndeu yawo afunse monga afunsa woweruza: kodi ngozi inalipobe pamene unamenya? Kodi kubwezera kwako kunalingana ndi chimene anakuchitira? Mwana wozolowera mafunso amenewa adzadziwa, atagwira mbala usiku, kuti njira yake ndiyo ya kupolisi, pakuti akulu anati mlandu suola.