Za Ana Osamva ndi Nyengo ya Ubongo

Abale athu a kwa Lukwa, palibe mwa ife amene sadziwa khalidwe la mbande ya fodya: ikakhalitsa pa nazale mvula yowokera n'kupita, ngakhale muithire feteleza wochuluka sidzafanana ndi inzake. Tsono tikufuna kukamba za mwana amene wafika zaka 2 osatchula "amama", akulu pakhomo n'kumangoti, "Mlekeni, atate akenso anachedwa." Kapena ngochedwadi, koma kapenanso mwanayo samva, ndipo nyengo yake ilikupita.

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, kamene kamasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Kakawonongeka, madokotala akhoza kulowetsamo kawaya ka chipangizo chotchedwa cochlear implant. Chigawo china chimakhala kunja, kuseri kwa khutu, ndicho chimatola mawu, kawayako n'kumagwedeza mtsempha wa kumva. Koma khutu ndi khomo chabe. Mwini kumva ndiye ubongo.

M'chaka cha 2002 Anu Sharma ndi anzake ku America anapima ubongo wa ana amene anaikidwa chipangizochi. Amene anachilandira asanakwane zaka 3 ndi theka, patangopita miyezi ubongo wao unayamba kuyankha mawu msanga monga wa ana akumva. Amene anachilandira atapitirira zaka 7, ambiri ubongo wao unakhalabe wochedwa. Chifukwa chake nachi: ubongo uli ndi dera lake la kumva, ndipo deralo likakhala zaka osalandira mawu, maso ndi khungu zimayamba kuligwiritsa ntchito yao, monga mnansi amalowerera munda wogonera. Mwini akabwera mochedwa apeza malire atasuntha kale.

Kuno ku Malawi ntchitoyi inachitikapo. M'chaka cha 2017 Dr Wakisa Mulwafu wa ku Blantyre, pamodzi ndi David Strachan wa ku England ndi anzao, analemba za ana anayi oyamba kuikidwa chipangizochi m'dziko muno. Mwana amene anamvapo ndi kulankhula, nagontha pambuyo pa malungo aakulu kapena matsagwidi, ali ndi mwayi woposa, pakuti ubongo wake unaphunzira kale mawu. Koma wodwala matenda oumitsa khosi asazengereze: nkhono ija nthawi zina imadzala fupa pa miyezi yowerengeka, kawaya n'kusowa polowera.

Tisanamizane, chipangizochi ndi cha mtengo woti mabelo a chaka chonse sangakwanitse, ndipo ochilandira ngochepa. Komabe ubongo wa mwana umafuna chilankhulo msanga, kaya cha pakamwa kaya cha manja. Mwana wophunzitsidwa chilankhulo cha manja ali wamng'ono amakula akuganiza ndi kufunsa monga anzake, ndipo ku Mua ndi ku Maryview kuli sukulu za ana osamva. Choipa ndi kumsunga pakhonde zaka zambiri, anthu n'kumamutcha chitsiru, pamene nzeru ali nazo.

Amayi, yesani chonchi: imani kumbuyo kwa khanda la miyezi 6 likali maso, osaponda pansi mwamphamvu kapena kuonetsa chithunzithunzi chanu, ndipo muitane dzina lake. Likapanda kucheuka masiku angapo, pitani nalo ku chipatala cha boma ku Kasungu, mupemphe kalata yokapimitsa makutu ku Lilongwe. Kumeneko ngakhale khanda la masiku ochepa amalipima lili m'tulo.