Mmene Mawu a Shakespeare Anakhalitsira, ndi Phunziro Lake kwa Ife

Ophunzira a pa Kamuzu Academy, sukulu imene inatsegulidwa ku Mtunthama kuno m'chaka cha 1981, amamva kawirikawiri dzina la William Shakespeare. Munthu ameneyu anabadwira ku Stratford-upon-Avon mu 1564, namwalira mu 1616, koma mawu ake akali m'kamwa mwa Angelezi kufikira lero. Mnyamata wokonda kufunsira atsikana amamutcha Romeo. Munthu wa katapila wouma mtima amamutcha Shylock. Onsewa ndi maina a anthu a m'masewero ake. Nanga chinasunga mawuwa n'chiyani?

Ambiri amayesa kuti iye anapeka yekha mawu onse amene amatchuka nawo. Si tero ayi. Taonani dzina la sewero lake lina, All's Well That Ends Well. Umenewu unali mwambi wa anthu wamba, ndipo John Heywood anali ataulemba kale m'buku lake la miyambi mu 1546. Luso la Shakespeare linali lotola zimene anamva pamsika ndi m'misewu, ndi kuziika pamalo poyenera.

Komabe luso lokha silikanakwanira. Iye atamwalira, anzake awiri, John Heminges ndi Henry Condell, anasonkhanitsa masewero ake 36 nawasindikiza mu 1623. Mwa amenewo, 18 anali asanasindikizidwepo, ndipo Macbeth ali m'gulu limeneli. Pambuyo pake Samuel Johnson, polemba buku lake lomasulira mawu a Chingelezi mu 1755, anatenga zitsanzo zambirimbiri mwa Shakespeare. Aphunzitsi nawo anapatsira ana mawuwo, mbadwo ndi mbadwo. Motero mawu analoŵa m'buku kuchokera kwa anthu, nabwereranso kwa anthu kuchokera m'buku.

Tsono ife aphunzitsi a Chichewa tilingalire za kwathu. Nafenso tili nawo otitsogolera. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa buku la mawu a Chimang'anja mu 1892, ndipo Samuel Josiah Nthara analemba Nthondo, buku limene linatuluka mu 1933. Koma ntchito sinathe. M'zigafa za fodya, pamene amayi asoka masamba, pamaliro ndi pabwalo la milandu, pamamveka mawu okoma amene sanalembedwepo. Nkhalamba ikatsikira kuli chete, ena a mawuwo amapita nayo kumanda.

Chifukwa chake tikupemphani, inu amene mukukonzekera uphunzitsi, kuti aliyense akhale ndi kabuku m'thumba. Mukamva mwambi kapena liwu lachilendo, lembani, mufunse tanthauzo lake, mulembenso mudzi umene mwalimva. Mukatero, liikeni m'kasewero kamene ana anu adzachite potsekera sukulu, makolo awo akuonerera. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma sangagonere popanda wowasunga.