LAMYA YATHU IFUNIKA NJIRA ZIWIRI

Masiku ano mlimi wa ku Chadiza amalandira ndalama za cimanga cake pa foni. Kholo la ku Lundazi limatumiza ndalama za sukulu kwa mwana wake ku Lusaka osakwera basi, ndipo namwino wa pa cipatala ca kumudzi amaitana ambulansi pakati pa usiku pamene mayi wapakati wavutika. Zonsezi tazizolowera, kotero kuti timakumbukira netiweki pa tsiku lokhalo limene yasowa. Tsiku limenelo anthu amaunjikana pa tinyumba totumizira ndalama, makina a ku banki amakana khadi, ndipo wodwala amangodikira. Nkoyenera tsono kuti ife a m'banja la Mulungu tidziwe cimene cimanyamula mau athu, ndi cifukwa cake nthawi zina cimaduka.

MAU ATHU AYENDA M'GALASI

Ambiri a ife timaganiza kuti mau a pa foni amauluka mumlengalenga kucokera ku Chipata mpaka ku Lusaka. Zoona zake nzakuti amauluka pang'ono cabe, kukafika pa nsanja yacitsulo imene ili pafupi, monga zija timaziona pa mapiri ozungulira mzinda wathu. Nsanja za kumidzi zimapatsirana mauwo ndi zimbale zoyang'anizana, mpaka afike pamene pali nthambo ya faiba. Mkati mwa nthamboyi muli tiulusi ta galasi toonda ngati tsitsi, ndipo m'tiulusimo mumayenda kuwala kothwanima kumene kumanyamula mau, zithunzi ndi makalata. Nthambo zina nzokwiriridwa m'mbali mwa miseu, zina nzopacikidwa pa mizati ya magetsi ya ZESCO. Kucoka ku Chipata kukafika ku Lusaka pali makilomita oposa 550, ndipo pa mtunda wonsewo nthambo iyenera kukhala yamoyo.

Dziko lathu lilibe nyanja yamcere. Kale mafoni opita kunja anali kudzera pa siteshoni ya setilaiti ya ku Mwembeshi, imene inatsegulidwa mu 1974. Intaneti inafika mu 1994 kudzera ku ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesite ya Zambia, koma inali yodula ndi yocedwa. Zinthu zinasintha pamene nthambo zazikulu zinayalidwa pansi pa nyanja: SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010 ku gombe la kum'mawa kwa Africa, ndiponso WACS mu 2012 ku gombe la kumadzulo. Kuti tizifike nthambo zimenezi tiyenera kudzera m'maiko a anansi athu. Malawi nayenso alibe gombe, ndipo mu 2023 maboma a Zambia ndi Malawi anasaina pangano lakuti mauthenga a ku Malawi azidutsa m'dziko lathu pa mtengo wotsika. Motero nthambo za m'cigawo ca Kum'mawa zimatumikira ife pamodzi ndi abale athu a ku Mchinji ndi ku Lilongwe.

KODI ETHERNET NCIANI?

Nthambo payokha ili ngati mseu wopanda malamulo. Pafunika dongosolo lakuti uthenga uliwonse ukafike kwa mwini wake, ndipo dongosolo lofala koposa m'dziko lonse lapansi limachedwa Ethernet. Linayambika mu 1973 ku kampani ya Xerox, mumzinda wa Palo Alto ku America, ndi Robert Metcalfe ndi mnzake David Boggs, amene anali kufuna kulumikiza makompyuta a m'nyumba imodzi. Kacitidwe kake nkofanana ndi ka ku positi. Uthenga umadulidwa m'timapukusi tating'ono, kalikonse kokhala ndi adiresi ya wotumiza ndi ya wolandira. Panjira pali makina ochedwa maswichi, amene amawerenga adiresiyo nalozera kaphukusi kumene kayenera kupita. Timapukusi tikafika, timalumikizidwanso kukhala uthenga wathunthu.

Pakati pa 1983 ndi 2010 liwiro la Ethernet linakula kuwirikiza ka 10,000, ndipo makina ake anali otsika mtengo. Makampani a lamya anaisirira, koma panali vuto. Ethernet ya mu ofesi ikafa, anchito amamwa tiyi podikira wokonza. Kampani yonyamula mafoni a dziko lonse siingacite motero. Ncifukwa cake mu 2001 makampani ambiri anapanga bungwe la Metro Ethernet Forum, limene linakhazikitsa miyezo ya cimene cimachedwa Carrier Ethernet, ndiko kuti Ethernet yolimba mokwanira kunyamula mauthenga a anthu onse. Mafoni a 4G amatumiza zonse m'timapukusi totere, kotero nsanja zamakono za makampani monga Airtel, MTN ndi Zamtel zimadalira dongosolo limeneli.

MALONJEZO ANAI

Lonjezo loyamba ndi la njira yaciwiri. Amene anakumbako mbewa adziwa kuti mbewa yocenjera siikhala mu una wa khomo limodzi. Akatswiri nawonso amayala nthambo mozungulira ngati mphete, kuti ikaduka mbali imodzi mauthenga atembenukire mbali inayo. Muyezo wake ngwakuti kutembenukako kucitike m'kanthawi kosapitirira gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi, kotero kuti wolankhula pa foni sazindikira nkomwe kuti pacitika kanthu. Colinga capamwamba ncakuti netiweki izigwira nchito nthawi yokwana 99.999 peresenti, kutanthauza kuti pa caka conse ife kwa mphindi ngati zisanu cabe.

Laciwiri ndi la kusasakaniza. M'nthambo imodzi mungayende mauthenga a banki, a cipatala, a boma ndi a sukulu, koma timapukusi ta aliyense timapatsidwa cizindikiro cakecake, kuti za uyu zisasocerere kwa uja.

Lacitatu ndi la kudziwa coyamba kudutsa. Pamene mauthenga aculuka, mau a anthu olankhulana pa foni amadutsa patsogolo pa kanema wa zosangalatsa, monga momwe magalimoto amapatukira ambulansi. Kalata ikacedwa sekondi imodzi palibe wodandaula, koma mau akacedwa anthu samvana.

Lacinai ndi la kulondera. Makina amafunsana kosalekeza ngati njira ili bwino, ndipo akatswiri amawayang'anira usana ndi usiku. Nthambo ikaduka, amatumizamo kuwala nayeza nthawi imene kumatenga kuti kubwerere, motero amadziwa mtunda wa pamene yadukira. Kenaka amisiri amapita kukakumba ndi kuwocerera tiulusi ta galasi kamodzikamodzi, nchito yofuna kuleza mtima ndi manja osanjenjemera.

NANGA IDUKIRANJI?

Malonjezo amenewa amakwaniritsidwa pokhapo pamene njira yaciwiri ilipodi, ndipo kuiyala kumadya ndalama zambiri. Mudzi umene uli kumapeto kwa mzere wa nsanja uli ngati tsamba la kunsonga kwa nthambi: nsanja imodzi ya pakati ikafa, onse a kutsogolo kwake amakhala cete. Ngakhale maiko athunthu amagwa m'vuto lomweli. Pa 12 May 2024 nthambo za SEACOM ndi EASSy zinaonongeka pansi pa nyanja nthawi imodzi, ndipo intaneti inavuta kwa masiku angapo ku Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Kenya.

Vuto lina ndi magetsi. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo nsanja zinatsala kudalira mabatire ndi majenereta. Koma mavuto ena amacokera kwa ife tomwe. Alipo amene amaba mabatire, mafuta ndi masola pa nsanja. Ena amadula nthambo poyesa kuti mkati muli mkuwa wogulitsa, pamene muli galasi lopanda mtengo pa msika. Enanso amakumba mcenga kapena dothi la njerwa m'mbali mwa mseu osasamala zikwangwani, ndipo moto wa m'thengo wa nyengo ya mbewa umanyambita mizati ndi nthambo zopacikidwa.

UDINDO WATHU AKRISTU

Mu 1963 Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican, m'cikalata ca Inter Mirifica, unaphunzitsa kuti zida zofalitsira mauthenga nzipatso za nzeru zimene munthu anazipeza ndi cithandizo ca Mulungu, ndipo ziyenera kutumikira ubwino wa onse. Dayosizi yathu ya Chipata ikudziwa bwino phindu lake kudzera mu Radio Maria. Tsono wodula nthambo amacimwira lamulo lacisanu ndi ciwiri, ndipo mwinanso lacisanu, pakuti sadziwa ngati usiku womwewo pali namwino amene akufunafuna ambulansi. Wogula batire yakuba pa mtengo wozizira ali ndi gawo m'mlandu womwewo.

Tikambirane nkhaniyi m'timagulu tathu ta Akristu ndi pa mabwalo a mafumu. Ana athu adziwe kuti m'nthambo ya faiba mulibe mkuwa. Tisanakumbe pafupi ndi mseu tiyambe tafunsa, ndipo tikaona nthambo yafukuka kapena yalendewera tiuze anyakwawa kapena apolisi msanga.

Tilinso ndi ufulu wofunsa. Bungwe la ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, lili ndi udindo woyang'anira makampani a lamya ndi kumva madandaulo a anthu. Netiweki ikamasowa kawirikawiri m'dera lathu, tilembe masiku ndi maola ake, tikapereke ku kampani, ndipo ngati palibe yankho tikatule ku ZICTA. Makhansala ndi aphungu athu akabwera kudzaceza nafe, tiwafunse mosabisa mau: kodi nsanja za ku Vubwi, Mambwe ndi Lumezi zili ndi njira yaciwiri ndi magetsi apadera? Munthu wa kumudzi amagula mayunitsi pa mtengo wofanana ndi wa ku Lusaka, ndipo moyo wake ngwamtengo womwewo pamaso pa Mulungu.