Mtengo wa pabwalo umatsitsidwa ngati denga

M'matauni a migodi a chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, mitengo yakula kuposa nyumba zimene inabzalidwira mthunzi. Ku Redcliff, Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane, komwe agogo athu ambiri ochokera ku Nyasaland anakagwira ntchito, bulugamu, jakaranda ndi mango zafungatira madenga, mipanda ndi mawaya amagetsi. Kale makampani ndiwo ankasamalira nyumba ndi misewu ya antchito awo. Koma Ziscosteel ya ku Redcliff inasiya kupanga zitsulo mu 2008, ndipo mgodi wa Shabanie ku Zvishavane unalowa m'mavuto kuyambira 2004 mpaka kuima. Mitengo yokha sinasiye kukula. Apa mpamene mnyamata wofuna kudzilemba yekha ntchito amaona mwayi, nayamba kufunsa mtengo wa tcheniso. Akulakwitsa poyambira.

Amene anakulira kumudzi akudziwa kusasula denga la nyumba yaudzu. Munthu wopupuluma akhoza kungodula mzati ndi nkhwangwa, denga lonse n'kugwa kamodzi, koma miphika iphwanyika, khoma ligumuka, ndipo mitengo yoti akanamangiranso ithyoka. Wodziwa amakwera pamwamba, kuchotsa udzu mtolomtolo, kumasula mbalo, kutsitsa phaso limodzilimodzi kwa mnzake amene ali pansi, mzati n'kudzazulidwa pomaliza ulibe chosenza. Mtengo wa pabwalo la m'tauni umafuna dongosolo lomwelo. Masamba ndi tinthambi ndiye udzu, nthambi zikuluzikulu ndiye phaso, thunthu ndiye mzati. Mwini nyumba salipira kudula, poti kudula aliyense angathe. Amalipira kuti mtengo ufike pansi denga lake lili bwinobwino.

Choncho zida zigulidwe motsatira ntchito, kuyambira kumwamba. Choyamba ndi chingwe ndi lamba wokwerera. Zingwe zikhale ziwiri zosasinthanitsa: china chogwira munthu, china chotsitsira nthambi. Chogwira munthu chikhale chopangidwira kukwera, cha mamilimita 11 mpaka 13, chopirira matani oposa awiri. Chingwe cha nayiloni chomangira katundu pangolo si choikapo moyo. Chifukwa chosiyanitsira zingwezi chikuoneka pa kulemera kwa mtengo wauwisi. Chipika cha bulugamu chotalika mita imodzi, chamimba ya masentimita 50, chimalemera makilogalamu pafupifupi 200, ndipo chikagwa pang'ono chabe chisanagwidwe ndi chingwe, mphamvu yake imachuluka kangapo. Chingwe chimene chalandirapo nkhonya zotere sichiyeneranso kunyamula munthu.

Chachiwiri ndi sowo yamanja yakuthwa pamodzi ndi chikwanje. Udzu wa padenga sachotsa ndi nkhwangwa, ndipo nthambi zambiri za mango, mapeyala ndi jakaranda zimatha ndi sowo yopindika yolowa m'chimake. Ilibe phokoso, simwa petulo, ndipo woyamba kumene akhoza kudya nayo miyezi ingapo akusonkha ndalama ya makina.

Tcheniso ibwere pachitatu, ndipo isakhale yaikulu kwambiri. Mphamvu ya injini zake imayezedwa m'ma cc. Yaing'ono ngati Stihl MS 180, ya ma cc pafupifupi 32, ndi yoduladula nthambi ndi nkhuni. Ya ma cc 45 mpaka 50, ngati MS 250, imagwira ntchito zambiri za pabwalo popanda kuthyola msana. Zazikulu za ma cc oposa 70, monga MS 382 kapena Husqvarna 372 XP, ndi za thunthu la bulugamu wakale, ndipo ntchito yotere ikapezeka mwa apo ndi apo, kubwereka kwa tsiku limodzi kumaposa kugula. Palinso tizing'ono togwirira pamwamba, topangidwira anthu ophunzitsidwa kudula ali lende pachingwe. Ameneyo si makina ophunzirirapo.

Musanapereke ndalama, funsani kaye komwe mukapeze tcheni, bala, pulagi ndi fyuluta, kaya ndi ku Gweru kapena ku Kwekwe. Makina otchipa amene apakidwa utoto wofanana ndi wa mayina otchuka ndi ambiri, ndipo akafa mulibe pogwira. Ogwiritsidwapo ntchito kale ayesedwe asanatenthe: alire msanga, tcheni chiime mukasiya kuponda moto, buleki ya tcheni igwire, ndipo oyilo azioneka akuwazika kunsonga ya bala.

Chimene chimapha makinawa msanga ndi mafuta. Injini yake imafuna petulo wosakaniza ndi oyilo wa two-stroke, magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo, kutanthauza mamililita 100 pa malita 5. Petulo wa ku Zimbabwe amakhala wosakanizidwa kale ndi ethanol, nthawi zina mpaka 20 pa 100 aliwonse, pamene opanga makinawa amalangiza zosapitirira 10. Ethanol amakoka chinyontho ndi kuumitsa timapaipi tamphira, choncho sakanizani ochepa okwanira masiku owerengeka, ndipo musagoneke makina nthawi yaitali ali ndi mafuta m'thanki. Tupa yozungulira yolingana ndi mano a tcheni izikhala m'thumba. Tcheni chakuthwa chimalavula tizibenthu ta mtengo, chobuntha chimatulutsa fumbi, kumwa mafuta ndi kutopetsa manja.

Tcheni chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi. Nsonga ya bala, chakumtunda kwake, ikagunda nthambi kapena waya wobisika, makina amabwerera kumaso munthu asanaphethire. N'chifukwa chake chipewa cholimba, magalasi, zotseka m'makutu, jombo zachitsulo kumphuno ndi buluku loletsa tcheni zili mbali ya mtengo wa tcheniso. Amene anachoka kumgodi ali kale ndi zina mwa izi, komanso chizolowezi choyang'ana kumwamba asanayambe ntchito. Chotsala ndi mnzake wodalirika, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wapansiyo ndiye amagwira chingwe, kuthamangitsa ana, ndi kuitana thandizo zikavuta. Thunthu likatsala lokha, limagwetsedwa mwa kusema kukamwa kolowa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu kumbali yogwera, kenako kudula kumbuyo n'kusiya kachigawo kosadula, pafupifupi gawo limodzi mwa khumi, kuti kawongolere mtengo pogwa.

Nanga ntchito ipezeka bwanji? Wosasula denga bwino kumudzi salengeza, anansi amakhala akuonerera. M'taunimo n'chimodzimodzi: phokoso la tcheniso limaitana msewu wonse, ndipo amene aona nthambi yaikulu ikutsika pang'onopang'ono pambali pa denga la asibesitosi, losachedwa kusweka, ndiwo makasitomala a mawa. Jambulani malo ntchito isanayambe ndiponso itatha, zithunzizo zipite m'magulu a WhatsApp a m'dera, a kumpingo ndi a mabungwe a maliro. Sukulu, matchalitchi, malo ogona alendo ndi oyang'anira nyumba zalendi amabweretsa ntchito yobwerezabwereza. Migodi imene ikuyenda, monga Mimosa kufupi ndi Zvishavane ndi Unki kufupi ndi Shurugwi, imachita malonda ndi makampani olembetsedwa, okhala ndi mapepala a msonkho ku ZIMRA, kotero woyamba kumene amalowera kudzera mwa kontirakitala. Nyengo yoyenda khomo ndi khomo ndi kuyambira August mpaka October, mvula yamkuntho isanafike. Ikayamba kugwa, eni nyumba amakusakani okha.

Malamulo nawo ali ndi malo ake. Mtengo wa m'mbali mwa msewu ndi wa khonsolo, sungadulidwe chifukwa choti mwini nyumba yoyandikira wadandaula. Mitengo yachilengedwe ngati msasa, komanso kunyamula ndi kugulitsa nkhuni kapena matabwa, zimafuna chilolezo cha Forestry Commission. Mtengo wokhudza mawaya usayandikiridwe mpaka a ZETDC atathimitsa magetsi, chifukwa nthambi yauwisi imadutsitsa moto.

Potchula mtengo wa ntchito musayang'ane kutalika kokha, yang'anani zimene zili pansi: denga, mpanda, thanki ya madzi, mapanelo a sola. Gwirizananitu kuti mitengo yodulidwayo itsala ndi yani, pakuti kumene magetsi amazimazima nkhuni ndi ndalama, ndiponso kuti zinyalala achotsa ndani ndi kuti chitsa chizulidwa kapena ayi. Zonsezi zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pafoni. Mukapeza mtengo wa mphako, wofumbwa patsinde, wopendekera nyumba, pamene zida zanu ndi luso lanu sizinafikepo, ukaneni ndi kulozera mwini wake kwa amene angathe. Ndalama ya tsikulo mwataya, koma denga limodzi lophwanyika limadya phindu la chaka, ndipo m'tauni yaing'ono ngati Shurugwi mbiri yake imafika kumsika inu musanatsike mumtengo.