Mankhwala a sickle cell apezeka, koma afika kwa yani?

Mu Novembala 2023 dziko la Britain linavomereza Casgevy, mankhwala oyamba opangidwa ndi luso losintha DNA lotchedwa CRISPR, ndipo America inatsatira mu Disembala. Mankhwalawa ndi a sickle cell, nthenda yomwe ana ambiri obadwa nayo ali ku Africa kuno. Koma ena akangomva zosintha DNA, amathamangira kunena kuti asayansi ayamba kulenga anthu awoawo. Mphekesera imeneyi ndi yotopetsa, ndipo oifalitsa safunsa n'komwe kuti chikusinthidwa n'chiyani.

Mwana akakhala m'mimba, magazi ake amakhala ndi himogulobini ya mtundu wina, yosapinditsa maselo ofiira. Akabadwa, jini yotchedwa BCL11A imaletsa thupi kupitiriza kuipanga, ndipo ya akuluakulu imalowa m'malo. Mwa mwana wa sickle cell, yolowa m'maloyo ndiyo yolakwika: imapinda maselo ngati zenga, n'kutseka timitsempha, ululu n'kuyamba. N'chifukwa chake khanda lotere limaoneka bwinobwino miyezi yoyambirira. Pa chithandizo cha Casgevy, madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwala yemweyo, amadula kachigawo ka DNA koyendetsa BCL11A, kenako amawabwezera. Thupi limayambanso kupanga himogulobini yake yakale ija. Palibe chachilendo chimene chalengedwa apa, ndipo kusinthaku sikupita kwa ana amene wodwalayo adzabereke.

Wina anganene kuti nanga He Jiankui uja? Funsoli ndi lomveka. Mu 2018 wasayansi wa ku China ameneyu anasintha DNA ya miluza, panabadwa mapasa, ndipo khoti linamulamula kukhala kundende zaka 3. Iye anakhudza ana osadwala, osatha kuvomera kapena kukana, komanso zidzukulu zawo zomwe. Zimenezo n'zoyenera kuletsedwa ndithu. Koma kulakwa kwa munthu mmodziyo si chifukwa chomanira chithandizo mnyamata amene wakulira m'chipatala akupatsidwa magazi.

Zodetsa nkhawa zenizeni zili kwina. Maselo asanabwezeredwe, wodwala amalandira mankhwala amphamvu a khansa oyeretsa m'mafupa, ndipo angamusiye wosabereka. Ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa. Kenako pali mtengo: ku America, Casgevy inaikidwa pa madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, osawerengera chipatala chotha kuika maselo a m'mafupa. Luso lochiza nthenda imene yazunza kwambiri Afirika lafika kaye kwa olemera a kutali, ndipo apa mpamene mkwiyo wathu uyenera kulunjika, osati pa mphekesera. Pakali pano kholo limene mwana wake amatupa manja ndi mapazi, kapena amatha magazi pafupipafupi, lipite naye akayezedwe. Penicillin ndi hydroxyurea, mankhwala otsika mtengo amene akhalapo zaka zambiri, amapulumutsa ana ambiri, komabe nawonso safika kwa onse owafuna.