Mankhwala Olimbana ndi Cotupa ca mu Ubongo

Maselo a m'thupi amakula akalandila uthenga kucokela ku mapuloteni ena. Khansa ya mu ubongo yochedwa glioblastoma imatulutsa puloteni ya VEGF, imene imameletsa mitsempha yatsopano ya magazi yodyetsa cotupaco. Mankhwala a bevacizumab amatsekeleza puloteniyi. Ku America anawavomeleza mu 2009 kwa odwala amene cotupa cawayambanso. Amacepetsa kutupa, koma kafukufuku waonetsa kuti satalikitsa moyo. N'cifukwa cake opaleshoni ndi radiotherapy zikali patsogolo.

Ngati mutu ukuwawa osaleka, mukusanza m'mawa, kapena khunyu yayamba muli aakulu kale, musazengeleze. Pitani ku cipatala ca Chama. Madokotala angakutumizeni ku Chipata kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.