Nthochi za m'botolo zabweza zitumbuwa pakhomo

Kuseri kwa nyumba yathu ku Area 9 kunali nthochi zochititsa manyazi, moti alendo ndinkawakhazika kumaso mwadala. Masamba ake anali opyapyala, achikasu m'mbali, ataima njo n'kuthithikana pamwamba ngati tsache. Mkoko? Zaka zitatu osauona. Chinali chisaka, matenda aja amene anayamba kuoneka ku Nkhotakota cha mu 1994, kenaka n'kupulula minda ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje, mpaka Amalawife kumadikira nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ine, mwini bwalo lalikulu chonchi, ndinkanenerera phava limodzi pamsika wa ku Old Town ngati munthu wopanda dothi.

Mlangizi wina anandiuza mosapsatira kuti chisaka chilibe mankhwala. Zulani zonse ndi mizu yomwe, muduledule ziume, malowo apume miyezi ingapo, kenako mubzale mbande za m'labotale.

Tsiku lomwe ndinabwera nazo, timbewu 12 ta Williams m'machubu, bambo amene amatisamalira pabwalo anaika khasu pansi n'kutiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, mwagula nthochi kapena chimanga cha kudimba?"

"Madala, ingokumbani mayenje, muthire manyowa okwanira."

Sindinawaimbe mlandu. Moyo wawo wonse nthochi amaidziwa kuti imapemphedwa kwa mnansi, mwana wake kumuzula ndi khasu, ndipo umo ndi momwe chisaka chinkayendera mudzi ndi mudzi. Za m'labotalezi amatenga kamtima kakang'ono ka pomwe nthochi imaphukira, kuchokera ku mbewu yoyezedwa kuti ilibe kachirombo. Amakatsuka ndi mankhwala, n'kukaika m'botolo pa chakudya cholimba ngati jele, chokhala ndi shuga, michere ndi timadzi tofulumizitsa kuphuka. Kamodziko kamabereka timphukira tambirimbiri, amatigawa m'mabotolo ena, tikamera mizu amatizoloweza mphepo pamthunzi. Katemera ayi, tilibe. Nsabwe zakuda zofalitsa chisaka zikachokera pa nthochi yodwala ya kuseri kwa mpanda, matenda abweranso. N'chifukwa chake ndinakagogoda kwa aneba ndi botolo la Sobo m'manja, ndipo nawonso anazula zawo.

Pano bwerani mudzaone! Chaka chitangodutsa pang'ono, zonse zinatulutsa mikoko pafupifupi nthawi imodzi, yolemera mpaka kufuna mphanda zochirikiza. Masamba ndi otambalala, oti mwana n'kubisalapo mvula. Loweruka m'khitchini mumanunkhira zitumbuwa, alonda a mumsewu wathu akundipatsa moni kawiri patsiku, ndipo alendo ndimawadutsitsa kuseri ngakhale asanapemphe.

Madala aja m'mawa uliwonse amasuzumira m'makhwapa mwa masamba kusaka nsabwe. Dzulo ndinawamva akuuza mnzawo pageti, chifuwa chili patsogolo: "Zimenezi, achimwene, ndinazilera ndine kuyambira zili m'chubu."